Kopa ameneyu ndi mtundu wanji kwenikweni?

Nachisale: Mwaswera bwanji nonse a komiti. Pepani ndakusokonezani madzulo ano, koma nkhani ya mtundu wa ukwati yandiimitsa mutu. Mng'ono wanga, mkwatibwiyo, ananena kuti akufuna kopa ndi kirimu, tonse tinavomera, palibe anafunsa kuti kopayo ndi wotani. Lero ndazungulira. Kwa atelala ku Ndirande ndapeza nsalu ya operekeza ili ngati Sobo wosasungunula. Makadi atuluka abulawuni ngati tiyi woperewera mkaka. Mayi okongoletsa holo anditumizira maliboni a pamipando, akupita ku pinki. Aliyense akuti wake ndiye kopa weniweni. Kwatsala masabata asanu. Titani abale?

Malume a ku Bangwe: Kopa? Akufuna kukopa ndaninso poti mwamuna wapeza kale?

Sisi wa Saluni: Kkkkk malume mwayambapo

Nachisale: Malume, ine ndili pamoto inu mukuseka.

Amake Tada: Ine ndiyankhuliretu ndisanapachikidwe. Chithunzi chomwe munanditumizira ndi chomwe ndinapita nacho ku Limbe. Ndinalowa mashopu anayi, paliponse mnyamata amanditsitsira mpukutu wosiyana n'kumati "kopa ndi ameneyu mayi." Womwe ndinasankha m'shopumo umaoneka woderako bwinobwino. Nditatuluka nawo padzuwa ndiye unayaka. Koma sindinaikepo sizasi, mamita 24 onse ali chipindire.

Wamakadi: Anti, chithunzicho munachiona pa foni yanu kapena ya asisi?

Amake Tada: Yanga. Pali kusiyana?

Wamakadi: Kulipo kwambiri. Ikani mafoni atatu pamodzi, tsegulani chithunzi chimodzi, mudzaona mitundu itatu. Komanso foni imatulutsa kuwala kwake yokha, pomwe pepala ndi nsalu zimadikira kuwala kwa dzuwa kapena babu. Ine sindinalote mtundu wa makadiwo. Pa kompyuta mtundu wotchedwa copper uli ndi nambala yake, #B87333, kutanthauza kufiira 184, kubiriwira 115, buluu 51. Ndi umene ndinaika. Vuto ndi loti makina osindikizira amasakaniza inki zinayi basi, ndipo palibe inki mwa zinayizo yonyezimira. Ukachotsa kunyezimira pa kopa umatsala ndi bulawuni. Kuti khadi liwale pamafunika foil, ija amamata ndi kutentha, ndipo mtengo wake si womwe komiti inandipatsa.

Nachisale: Ndiye bwanji sunanene usanasindikize makadi onse?

Wamakadi: Ndinanena pagulu pompano asisi, uthenga wanga unakwiririka ndi nkhani ya nkhuku.

Zamagetsi: Ndangofika kumene kuchokera ku Machinjiri, ndawerenga zonse. Anthu inu mukukangana za chinthu chomwe ine chimandidetsa m'manja tsiku ndi tsiku. Kopa si dzina la nsalu. Kopa ndi mkuwa, womwe uli m'kati mwa waya wa m'nyumba zanumo. Ndiye mverani. Ndikasenda waya watsopano wa 2.5, uja wa masoketi, m'katimo mumatuluka mowala mofiirira, mokhala ngati pinki pang'ono. Amenewo ndi maliboni a mayi a holo. Ndikausiya pa benchi mwezi umodzi kapena iwiri, kuwala kumazilala, umayamba bulawuni. Amenewo ndi makadi a mphwangayu. M'nyumba zakale zija za ku Mandala ndi Sunnyside ndimakapeza waya wakuda bii ngati chokoleti. Pomwe pamadontha madzi ndiye umachita kubiriwira. Wonsewo ndi mkuwa umodzi.

Amake Tada: Nanga wanga uli pati pamenepo?

Zamagetsi: Wanu achemwali sindinaupezepo m'khoma la munthu.

Sisi wa Saluni: Kkkkkk ndafa ine

Aphunzitsi: Zamagetsi wanena zoona. Mkuwa ukakumana ndi mpweya wa okosijeni, pamwamba pake pamayala kachikopa kopyapyala, koyamba kofiirira, kenako kakuda. Pakakhala chinyontho kwa zaka, pamabwera kobiriwira kaja. Kusiyana kwake ndi dzimbiri la chitsulo ndi kwakuti dzimbiri limafundukuka n'kumadya chitsulocho mpaka kuboola, pomwe kachikopa ka mkuwa kamakakamira n'kuteteza za m'kati. Chitsanzo chomwe ndimapatsa ana a Fomu 3 ndi chifanizo chija cha ku New York, Statue of Liberty. Dziko la France litachipereka, pochitsegulira mu 1886 chinali chofiirira ngati waya wa Zamagetsi, chifukwa khungu lake lonse ndi mkuwa. Pofika m'ma 1920 chinali chitabiriwira chonse. Anthu ambiri amayesa kuti anachipaka penti.

Nachisale: Aphunzitsi, mukutanthauza kuti operekeza avale zobiriwira?

Aphunzitsi: Ayi mlamu, ndikungoti mawu akuti kopa paokha sakwanira kugulira nsalu. Mlimi wa tomato wa ku Bvumbwe mukamuuza kuti mukufuna kopa, akupatsani ufa wobiriwira wopopera mbewu, ndipo sanalakwitse, muli mkuwa m'menemo. Ku labu copper sulphate ndi wabuluu ngati mtambo. Waya womwewo mukauika pamoto, lawi limatuluka lobiriwira.

Azakhali: Ana inu ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Vuto lanu si nsalu, ndi chizungu. Ife m'chiyankhulo chathu tili ndi chofiira, choyera, chakuda, chobiriwira. Zina zonse timaloza chinthu. Tikati chikasu, ndi chifukwa pali chikasu chenicheni chomwe aliyense anachionapo. Tikati mtambo, ingoyang'anani kumwamba. Mwanayu akanati "ndikufuna ngati masamba anthete a mango," ndani akanasochera? Kapena akanati ngati katondo wonyowa, kapena ngati njerwa yopsa bwino ya pakati pa uvuni. Amake Tada akanapita ku Limbe ndi tsamba m'chikwama, nkhani ikanathera pomwepo. Koma ayi, kopa. Mawu oti ngakhale mwini wakeyo sanachigwirepo chinthucho.

Sisi wa Saluni: Koma zoona azakhali, masamba a mango akamaphuka kumene amakhaladi choncho, ofiirira mowala ngati apakidwa mafuta

Azakhali: Eya. Ndipo mukafuna kuona mitundu imeneyi itafoledwa pamzere, pitani ku HHI dzuwa likupendeka mukaime kutsogolo kwa tchalitchi cha St Michael and All Angels. Njerwa zija anaumba ndi kuwotcha konkuno, ntchito inayamba mu 1888 n'kutha mu 1891. Palibe ziwiri zofanana. Ina yofiira, ina yoderako, ina ngati yapsereza. Koma mukaima patali khoma lonse limagwirizana.

Wamakadi: Apa azakhali mwandiombola. Ndiye kuti makadi anga ndi njerwa imodzi mwa zimenezo.

Nachisale: Iwe usathawire kutchalitchi.

Malume a ku Bangwe: Tsopano ndisiye nthabwala, ndiyankhule ngati munthu amene anakulira pa mkuwa. Mukudziwa kuti bambo athu, agogo anu, anagwira ntchito ku migodi ku Kitwe, monga ankachitira anthu ambiri a kuno kwathu masiku amenewo. Kitwe, Chingola, Mufulira, Luanshya, matauni onsewo anamera chifukwa cha mkuwa, n'chifukwa chake chigawocho amachitcha Copperbelt. Chomwe chinkandidabwitsa ndili mwana n'chakuti miyala ina yomwe ankatisonyeza kuti muli mkuwa inali yobiriwira, osati yofiira. Kufiirako kumabwera akausungunula ndi kuuyenga.

Ndiye ndikufuna ndiwateteze Amake Tada. Onani mbendera ya Zambia yomwe anakweza mu 1964. Ili ndi mizere itatu pakona, wofiira, wakuda ndi wa olenji, pamwamba pake nkhwazi. Olenji ameneyo akuimira chuma cha m'nthaka, makamaka mkuwa. Ndiye dziko lomwe limakumba mkuwawo likafuna kuujambula pansalu limasankha mtundu womwe wasankha telala wathu. Inu a ku Chilomoni ndinu ndani kuti mutsutse?

Amake Tada: Malume Mulungu akudalitseni. Suti yanu ndikonza ulere.

Zamagetsi: Ndiye operekeza akalowa m'holo tiziimba za Chipolopolo?

Malume a ku Bangwe: Usawaderere, anatenga chikho cha Africa mu 2012 ku Gabon. Ife tikadali kudikira. Ndipo timu yawo ya amayi amaitcha Copper Queens, dzina loyenera operekeza athu.

Nachisale: Malume munalonjeza kuti mwasiya nthabwala.

Malume a ku Bangwe: Chabwino. Ndili ndi kobiri m'kabati, la nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, lija loboola pakati lokhala ndi njovu ziwiri. Tinkawatunga pachingwe kuti asatayike. Ndilinso ndi 1 tambala ya 1971, chaka chomwe kwacha inayamba, ija ya tambala wojambulidwa. Zonse ziwiri zada tsopano, koma zili zatsopano zinkawala mofiirira. Kwa ife akale ukati mtundu wa mkuwa, m'maso mumabwera ndalama zimenezo.

Aphunzitsi: Malume mwandikumbutsa. Pa Chipwitikizi mkuwa amati cobre. Tayerekezani kutchula cobre ndi kobiri motsatizana mumve. Ine ndikamva wina akuti "ndilibe makobiri" ndimangomva kuti alibe mkuwa. Ndipo sizachilendo, kale kwambiri azungu asanabwere, kuchigawo cha Katanga ku Congo ankaumba mkuwa ngati mtanda n'kumagulira zinthu, ndipo mitanda ya mkuwa yoteroyo inafukulidwanso ku Ingombe Ilede pafupi ndi mtsinje wa Zambezi ku Zambia. Dzina lachizungulo linachokera ku chilumba cha Cyprus komwe Aroma ankautenga, n'chifukwa chake chizindikiro chake ndi Cu.

Koma kobiri lanulo si mkuwa wokhawokha, ndi bronze. Apa ndi pomwe Chichewa chathu chimaphatikiza zinthu zitatu m'dzina limodzi. Mkuwa ukasakanizidwa ndi tin umakhala bronze, woderako, uja wa mendulo ya wachitatu pampikisano. Ukasakanizidwa ndi zinki umakhala brass, wopita kuchikasu, uja wa maloko, mipopi ndi malipenga a bandi. Ife zonsezo timangoti mkuwa, mpaka njoka ija anapachika Mose m'chipululu timati ya mkuwa.

Azakhali: Ndiye mukufuna kunena kuti Chichewa n'choperewera?

Aphunzitsi: Ayi azakhali, ndikuti ngakhale mwanayu akanati mkuwa, tikanafunsabe kuti uti.

Azakhali: N'chifukwa chake ndinati tsamba la mango. Simunandimve.

Sisi wa Saluni: Poti nkhani yafika apa, nanenso ndili ndi funso langa. Operekeza anagwirizana kuti onse aluke meshi ya kopa. Kwathu ku saluni sitiyendera dzina, timayendera nambala yomwe ili papaketi. 350 ndiye kopa wofiira uja wowonekera patali. 30 ndi wofatsa, bulawuni wofiirira. 33 ndi woderapo kuposa 30. 27 akupita kwa uchi. Ndiye mundiuze nambala, osati "kopa," chifukwa ndikaluka mitu isanu ndi umodzi sindimasula. Maganizo anga, diresi likakhala lowala ndiye tsitsi likhale 30 kapena 33 wosakaniza ndi lakuda. Mukaika 350 pamwamba pa nsalu ya Amake Tada, anthu aitana ozimitsa moto.

Azakhali: Za tsitsi lofiira ine ndiye ndikana poyera. Akuluakuluwo achite zomwe akufuna, koma tiana tiwiri tonyamula maluwa tija musatiike zimenezo.

Sisi wa Saluni: Bwanji azakhali? Zimakhalatu bwino pa ana

Azakhali: Iwe unali wamng'ono mu 2002. Ife amene tinaona njala ija kumudzi, mwana wa tsitsi lofiirira sitimuona kukongola. Tinkadziwa kuti m'nyumba imeneyo zinthu zavuta. Agogo a kuchimuna akubwera kuchokera kumudzi, adzaona adzukulu awo ali choncho, mtima udzawawa.

Anamwino: Azakhali akunena zenizeni. Mwana akasowa zakudya zomanga thupi kwa nthawi, tsitsi limapyapyala, limafiirira, limathothoka mosavuta, miyendo ndi nkhope n'kumatupa. Ndi matenda aja a kwashiorkor. Mpaka lero kusikelo tikaona tsitsi lotero timayamba tafunsa za chakudya. Meshi ndi meshi, aliyense amaizindikira, koma ndikumvetsa chifukwa chomwe akulu sakondwera nayo pamutu pa mwana.

Sisi wa Saluni: Pepani azakhali, sindinaganize mbali imeneyo. Anawo ndiwaluka lakuda, ndingoika timikanda ta kopa kumapeto.

Azakhali: Timikanda tilibe mlandu.

Nachisale: Zikomo, chimodzi chatheka. Pali china. Akuchimuna akuti agulira operekeza zibangili za mkuwa ngati mphatso, zoti avale tsikulo. Ine ndinavalapo china, dzanja linabiriwira ngati ndapakidwa ndowe ya ng'ombe. Zimenezi pa diresi la kirimu la mkwatibwi pokumbatirana?

Anamwino: Ndi thukuta limenelo likakumana ndi mkuwa. Sizoopsa, zimachoka ndi sopo. Koma mu Okutobala ndi kutentha kwa kuno, kuvina perekaniperekani maola atatu, dzanja lidzabiriwira ndithu. Ndiye poti ndayamba kale, ena amavala zibangili zimenezi poti zimachiza nyamakazi. Palibe umboni woti zimachiza. Valani poti n'zokongola, mawondo mubwere nawo kuchipatala.

Malume a ku Bangwe: Iwe mwana, changa chili pamkono chaka chachisanu ichi.

Anamwino: Nanga mawondo ali bwanji malume?

Malume a ku Bangwe: Tikambirana kumbali.

Sisi wa Saluni: Za kubiriwirazo n'zosavuta. Pakani Cutex wosaoneka mtundu m'kati mwa chibangilicho, aume, basi. Khungu silikhudzana ndi mkuwa.

Amake Tada: Ndipo zikada, mandimu ndi mchere. Amayi anga ankatsukira bwemba, chimawala ngati chagulidwa lero.

Zamagetsi: Koma akuchimunawo auzeni asamale pogula. Zambiri zomwe zili pamsika n'zongokutidwa pamwamba. Atenge maginito, ikakakamira ndiye kuti m'kati ndi chitsulo, mkuwa weniweni sugwira maginito. Ngakhale waya umene, masiku ano kuli wina wa aluminiyamu wongopakidwa mkuwa kunja. Ine ndinagulapo mpukutu wathunthu pa shopu ina m'tauni muno, kupepuka kwake ndinakuona koma ndinati mwina ndi mwayi wa mtengo. Nditapala ndi mpeni, m'kati mbee. Ndinalira ndekha. Mkuwa weniweni umalemera m'manja, ndipo ukaupala mtundu ndi womwewo mpaka pakati.

Nachisale: Chabwino, koma tabwererani ku funso langa. Nsalu, makadi, maliboni. Chisinthe n'chiti?

Wamakadi: Makadi asasinthe chonde. Theka tagawa kale.

Zamagetsi: Musanagamule, wina akaone mababu a m'holomo. Akakhala achikasu aja ofunda, chilichonse chofiirira chimakoma, ngakhale bulawuni amaoneka ngati golide. Akakhala oyera mbee ngati a m'chipatala, nsalu ya achemwali idzakuwa, maliboni adzaoneka otuwa. Nsalu imodzi yomweyo.

Amake Tada: N'zomwe zinandichitikira m'shopu muja ndiye. Komanso mtundu wa nsalu umasintha zinthu. Satini amawala m'mapindo, mbali ina kuderako mbali ina kung'anima, ndiye amayandikira chitsulo. Mtundu womwewo pansalu ya thonje umangogona, umakhala ngati dothi la mphika.

Mkwatibwi: Iiii abale, ndangotsika basi ya kuntchito ndapeza mauthenga osawerengeka. Pepani nonse, sindinadziwe kuti mawu amodzi abweretsa zonsezi. Malume, ndikukopa yemweyo, asasinthe maganizo.

Nachisale: Iwe tiuze msanga. Kopa wakoyo ndi uti?

Mkwatibwi: Kunena zoona asisi, ine ndinaona wotchi ya mnzanga kuntchito, yofiirira mowala, yokhala ngati pinki koma osati pinki. Ndinamufunsa, anati ndi kopa. Chithunzi chija ndinangotenga pa intaneti chifukwa chimayandikira.

Wamakadi: Imeneyo ndi rose gold asisi!

Aphunzitsi: Yemwenso amafiirira chifukwa golideyo amusakaniza ndi mkuwa. Ndiye mnzanuyo sananame kwenikweni.

Nachisale: Aphunzitsi chonde.

Zamagetsi: Ndiye kuti mayi a holo, omwe sali n'komwe pagulu pano, ndi okhawo anakhoza.

Amake Tada: Mamita 24. Ndipo nsalu yodula kale pampukutu salandiranso. Ndangokhala pansi.

Mkwatibwi: Anti musadandaule, mwina ndikaiona ndi maso ndiikonda. Ndikubwera Lachisanu usiku kuchokera ku Lilongwe. Zomwe anena azakhali za njerwa zandigwira mtima. Ngati zonse zili za banja limodzi, sizikuyenera kufanana ndendende. Chomwe sindikufuna ndi choti china chizikuwa kuposa chinzake.

Azakhali: Ukabwera udzaione padzuwa, osati pafoni. Ndipo ikakukanika, nsaluyo siitayika. Amayi a kuchikazi tilibe yunifolomu ya kuphwando la mawa lake, tidzaigula ife.

Zamagetsi: Ine ndidula zidutswa zitatu za paipi ya mkuwa. China ndichipukuta mpaka chiwale, china chapakatikati, china chakale chakuda. Mkwatibwi adzaloze chimodzi ndi chala, chimenecho ndiye chizizungulira kwa telala, ku holo ndi ku saluni. Ndikutumizirani chithunzi mawa.

Wamakadi: Chithunzinso achimwene? Tayambira kuja?

Zamagetsi: Kkkk wandigwira. Ndibwera nazo m'thumba.

Aphunzitsi: Chopukutacho muchipake Cutex uja tsiku lomwelo. Chikamayenda m'manja mwa anthu masabata asanu chili chosapaka, pofika tsiku la ukwati chidzakhala chitasanduka makadi.

Sisi wa Saluni: Ndibwera naye, pamodzi ndi mapaketi a 30, 33 ndi 350 tidzayerekeze pansalupo

Nachisale: Ndiye Loweruka 9 koloko m'mawa tikumane ku Limbe pa depoti ya minibasi, tikatero tipitire limodzi ku holo kukaona mababu. Amake Tada mubwere ndi kachidutswa ka nsalu, Wamakadi khadi limodzi, ine nditenga liboni. Azakhali, tsamba la mango lija.

Azakhali: Mtengo wa kuseri kwa nyumba waphuka sabata yomwe ino. Ndithyola Loweruka m'mamawa, likagona limafota.

Malume a ku Bangwe: Kobiri langa ndibwera nalo, koma aliyense aziliona lili m'manja mwanga. Ndimakudziwani.